Zitsulo Zikukana Kugwirana, Bambo

Benoni, Joni
14 Ogasiti

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi Amayi kwathu ku Chuluko. Kodi bondo lija lasiya kukuvutani? Mlongo wanga Fainala anandiuza kuti fodya mwamaliza kugulitsa, ndipo anthu ayamba kale kubweretsa makasu kuchipala kwanu. Ine thupi lili bwino, koma mtima sukukhala pansi. Kalatayi ndayiyamba katatu. Ndapatsira a Chance, aja amanyamula katundu kuchokera kuno kupita ku Kasungu, chifukwa foni yanga simuyilandira.

Pali chimene ndakhala ndikukubisirani. Ntchito yosamalira maluwa ndinayisiya zaka ziwiri zapitazo. Masiku ano ndimasula zitsulo pachipala china kuno, Bambo. Mwini chipalachi ndi mzungu wachikulire, a Benjamin. Anandiona tsiku lina ndikuwongola fosholo yopindika pakhomo pawo, nandifunsa kumene ndinaphunzira kugwira nyundo chotero. Ndinatchula dzina lanu.

Sitisula makasu kapena nkhwangwa. Timasula malupanga ofanizira a Aangulo-Sakisoni, mtundu umene unkakhala ku Mangalande zaka zoposa chikwi zapitazo. Enieniwo amawafukula m'manda atadyedwa ndi dzimbiri, n'kuwasunga m'nyumba zoonetseramo zakale. Ndiye pali anthu okonda kusonkhanitsa zinthu zamakedzana amene amatitumizira chithunzi cha lupanga lotere kuti tiwapangire lofanana nalo, monga linalili lili latsopano. Lupangalo ndi lalitali kuposa mkono wanu, lakuthwa konsekonse, chigwiriro chake chachifupi chokwana dzanja limodzi. Chimake timachipanga ndi thabwa, m'kati n'kuyalamo ubweya wa nkhosa. Akalilandira amangolikoleka pakhoma. Silidula ngakhale phesi la fodya. Poyamba ndinkaseka, koma pano ndinasiya, chifukwa ntchito yake si yamasewera.

Pakati pa lupangalo timayikapo timitengo tachitsulo topota ngati chingwe. Timatitentha pamodzi ndi kutimenya mpaka tikhale chitsulo chimodzi. Tikachipala bwino pamaoneka mizere yokhotakhota ngati msana wa njoka, ndipo mizereyo ndi imene ogula amafuna. Ntchito yolumikizayo ankayigwira a Benjamin okha. Ine yanga inali kupota, kupala ndi tupa ndi kupukuta.

Mwezi wa Juni a Benjamin anagwa ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafa, ndipo mawu awo samveka. Mwana wawo wamkazi, a Vailet, anabwera nanena kuti atseka chipalachi ndi kugulitsa zipangizo. Ndinawachonderera, popeza pali lupanga limodzi limene munthu wina wa kunja akulidikira. Anati andipatsa mpaka kumapeto kwa Seputembala. Likatheka, chipala chikhala m'manja mwanga, bambo awo azingoyang'anira. Likakanika, aliyense aone kolowera.

Ndayesa kanayi. Kawiri zitsulo zinaoneka ngati zagwirana, koma popala ndinapeza mng'alu kuchokera pakati mpaka kunsonga. Kachitatu ndinachedwa kuchotsa pamoto, chitsulo chinapsa n'kuyoyoka ngati chigumu. Kachinayi sindikufuna n'kukamba komwe. A Benjamin amakhala pampando pakhomo la chipala n'kumandiyang'ana. Akaona kuti ndalakwa amamenya ndodo pansi, milomo ikugwedera, koma chimene akufuna kundiuza sichituluka. Dzana analira. Ine ndinatuluka, n'kuzungulira mpanda kasanu osadziwa chimene ndikufuna. Chakudya ndimadya choimirira. Lamulungu kutchalitchi ndinangozindikira anthu akutuluka, ine maganizo ali pamoto.

Ndimakukumbukirani mukulumikiza chitsulo cha jeke yodindira fodya ya ku esiteti ija, chimene aliyense anati n'chotaya. Munawaza mchenga, n'kudikira, n'kudikirabe, kenako munangoti tsopano. Munaona chiyani, Bambo? Mtundu wa moto, kapena nthethe zake? Ine ndinali pomwepo ndikupopa mvukuto, koma maso anali kumsewu.

Ndikudziwa chimene chinakutsekani pakamwa. Tsiku ndinkanyamuka ndinanena pamaso pa matenanti amene anabwera ndi makasu awo kuti sindinafike Folomu 4 kuti ndizinunkha makala ngati inu. Inu munangotola nyundo n'kupitiriza. Ndinalakwa, Bambo, ndipo ndikupepesa. Paja amati mawu a akulu amakoma akagonera. Anuwa agonera zaka zinayi.

Pempho langa ndi limodzi. Mundiphunzitse kulumikiza chitsulo. A Chance akupatsani timitengo tisanu ndi kamodzi ta mtundu umene tikugwiritsa ntchito kuno, ndatikulunga m'nsalu pamodzi ndi mankhwala a bondo. Fainala wavomera kukuimikirani foni pafupi ndi moto kuti ndiziona pavidiyo. Ngati simukufuna kundiyankhula, musadzikakamize. Muzingosula, ine ndiziyang'ana manja anu. Ndatsala ndi masabata asanu ndi limodzi, ndiye ngati mukana, mumuuze Fainala msanga kuti ndidziwe chochita.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti zipsera za moto zimene azione m'manja mwangamu n'zazing'ono, asade nkhawa. Moninso kwa amalume ku Simlemba, azakhali a Faustina, alamu anga a Watson ndi ana onse. Loweruka lililonse kuyambira m'mawa moto ndikhala nditakoleza, foni ili pafupi.

Tsalani bwino, Bambo.

Ine mwana wanu,
Kondwelani