Alamu anga akufuna kukapepesa pageti la a khansala

Aphungu,

Amuna anga ndi owotcherera zitsulo. Mvula yapitayi ngalande yotsekeka inasefukira, madzi n'kulowa mu shedi yawo, makina onse n'kufa. Za ngalandeyi anali atadandaula kwa a khansala mpaka kutopa. Tsiku limenelo, mtima uli m'mwamba, anajambula mawu pafoni n'kuponya pagulu la anthu a m'dera lathu. Anati, "Bwana khansala, geti lanulo ndinawotcherera ndine. Ndikudziwa polidula, ndipo ndikubwera."

Apolisi anawatenga. Mlandu woopseza anauvomera, pano ali pa belo, chilango akamva sabata yamawa.

Aphungu, bambowa ine ndimawadziwa. Ndi apakamwa chabe. Khoswe akalowa m'nyumba amaitana ine. Ndiye alamu anga, omwenso ndi owotcherera, agwirizana kuti Loweruka akangoweruka apite onse kwa a khansala kukapepesa. Alamu aakulu akuti, "Mlamu, akationa tonse pageti mtima ugwa pansi, mlandu authetsa." Ine ndikuona kuti nzeru yake ndi imeneyi. Funso langa ndi limodzi: nditenge ana kuti akawamvere chisoni, kapena ndipite ndekha? Sindikufuna bambo awo akalowe ndende chifukwa cha ngalande.

Mayi T.K.

Mayi,

Ana asiyeni, inunso khalani pansi, ndipo alamu anuwo muwagwire malaya. Taganizani. Munthu anauzidwa kuti geti lake lidulidwa. Loweruka akusuzumira pawindo, akuona chigulu cha owotcherera, maovololo ali m'thupi, chitaima pageti lomwelo. Mukuti atulutsa mipando? Ayimbira apolisi, belo ya amuna anu n'kuthera pomwepo.

Komanso a khansala sangathetse kanthu tsopano. Mlandu amuna anu anauvomera, watsala m'manja mwa woweruza.

Za khoswe ndaseka, koma a khansala sakuzidziwa. Iwo anamva mawu a munthu wodziwa kudula chitsulo, ndipo m'nyumbamo mulinso ana. Khothi silisekerera woopseza munthu pa udindo wake, ngakhale ngalande ikhale yotsekekadi.

Mawa lomwe kaonaneni ndi loya. Ngati mulibe, funsani kukhothi komwe mungapeze wothandiza. Kupepesa kudzere mwa iyeyo. Pa tsiku la chilango amuna anu akanene zoona zokhazokha: kuti anavomera osavutitsa khothi, kuti ana amadalira manja awo, ndipo ngati n'koyamba kupalamula akatero. Asakayambe ndi "komatu ngalande ija". Akangotero, woweruza aona kuti mkwiyo ukadalipo. Pagulu la pafonipo asaponyeponso kanthu.

Sindikulonjezani kuti ndende aizemba, koma njira iyi ikuwapatsa mpata weniweni.

Chenjerani ndi Loweruka limeneli. Amuna anu anauza a khansala kuti akubwera. Ntchito yanu sabata ino ndi kuonetsetsa kuti pageti paja sipafika aliyense wa kwanu.

Aphungu