Buku Lanu Lili Kuno

Chintheche,
Nkhata Bay.
28 Epulo 2024

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Ntcheuko pamodzi ndi Amayi, ndi kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani. Ine kuno ndili gwa. Kondowole wandiyanja, ndipo Chitonga ndikuchithyolathyola moti ana anga a Sitandade 6 amafa nalo phwete ndikawapatsa moni.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa mukanandidula mawu ndisanamalize. Khalani pansi kaye. Buku lanu lachikuto chakuda lija, limene mwakhala mukulembamo zimene zinachitika pa tsiku lililonse la pachaka, Amayi sanaling'ambe n'kukulungira mandasi ayi. Lili kuno. Ndinalitenga ndine mu Seputembala, tsiku limene ndinkabwera kudzayamba ntchito. Miyezi isanu ndi iwiri mwakhala mukuwaloza chala Amayi, ine ndili duu, ndipo ndikuchita manyazi kwambiri.

Ndinalitenga chifukwa cha mantha. Ndinkapita kumene sindidziwa munthu ngakhale mmodzi, ndipo ndinkafuna kumamvabe mawu anu m'mawa, monga munkatiwerengera tikumwa tiyi. Ndikanapempha mukanakana, inu amene simunkalola ngakhale ntchentche kuterapo.

Ahedi atandiona nalo, anati ndiziwerengera ana tsamba la tsikulo pa asembule. Zinkayenda bwino mpaka mwezi wa Malichi. Popeza pa 3 panali Lamlungu, tsamba lake ndinaliwerengeratu Lachisanu, ndendende monga munalembera: "1959. Asilikali a atsamunda anapha anthu padoko la Nkhata Bay." Nditatero ndinatseka buku n'kuyamba kulengeza za matsache.

Ana atalowa m'makalasi, anandipeza a Winston Mhone, wapampando wa komiti ya sukulu. Ndi nkhalamba ya zaka 78, koma kutchena kwake! Jekete, tayi, nsapato zonyezimira, dzuwa likuswa mtengo.

"Ama," anatero, "mzere umoza pe? Analemba bukuli ali kuti?"

Ndinati ndi bambo anga, ali ku Ntcheu.

"N'chifukwa chake. Ku Ntcheu ndi mzere umodzi. Kuno ndi mkulu wanga."

Bambo, ndinasowa poyang'ana. Ndinawapepesa n'kuwapempha kuti adzawafotokozere okha anawo. Lachiwiri anabweradi. Anasimba za sitima imene inaima padoko muli anthu omangidwa, za khamu limene linapita kukafuna kuti awamasule, ndi mmene iwo, ali ndi zaka 13, anathawira mfuti zitayamba kulira. Anafika kunyumba okha. Mkulu wawo sanabwererenso.

Tsopano nachi chachiwiri chimene ndiyenera kuulula. Atamaliza anapempha bukulo, anasolola cholembera m'thumba la jekete, n'kulemba dzina la mkulu wawo pansi pa mzere wanu. Ndinakumbuka tsiku lija munandikwapula chifukwa chojambula duwa pachikuto, koma ndinawasiya kuti alembe. Ndikanawaletsa bwanji? Pobweza anangothokoza m'Chitonga kuti, "Yewu, ama," maso ali ofiira. Dzinalo mudzaliwerenga nokha.

Kuyambira pamenepo mudzi wonse unadziwa kuti kusukulu kuli buku losunga masiku. Pa 8 Malichi nditawerenga za kalata ya maepiskopi ya 1992, a Watipaso, amene amaphika phala la ana, anasiya mthiko n'kuthamangira kutsogolo. Akuti iwo anabisa kalatayo m'thumba la ufa wa chinangwa, ndipo pamene ankaitulutsa inali mbuu, amuna awo n'kumaikutumula asanaiwerenge. Analembamo nawonso, zilembo zikuluzikulu ngati zapabolodi.

Ena akubwera ndi masiku awoawo. Pa 20 Epulo munangolembapo deti, tsamba lonse mbee. Lero pali nkhani ya a Jones, msodzi wa ku Bandawe, amene pa tsikulo mu 1979 anafika kuukwati wawo pabwato chifukwa mtsinje unadzaza, suti ili pamutu. Akazi awo atamva zimene analembazo, anabwera kusukulu kudzatsutsa. Akuti sanali mtsinje, anangochedwa kudzuka. Ndinawalola kulemba mbali yawo, ndipo ana anaseka mpaka ahedi analephera kuyambitsa nyimbo yafuko.

Ana tsopano amavutitsa azigogo awo ndi mafunso, n'kumandibweretsera timapepala. Ndamatamo masamba ambiri moti bukulo silikutsekeka bwino, ndimachita kulimanga ndi mphira. Ine amene ndinkadutsa pamsika wa Chintheche popanda wondipatsa moni, lero ndikapita kukagula tomato ndimabwerako ndi nthochi, usipa ndi madeti atatu. Sindinasangalalepo ndi ntchito ngati mmene ndikusangalalira panopa, ndipo zonsezi zachokera m'manja mwanu.

Ndikudziwa kuti pofika pano mwavula magalasi ndipo mukupukusa mutu. Kalipani ndithu, ndalakwa kawiri. Koma mbuzi ikagona pakhomo pa mwana wa mwini wake sitinena kuti yatayika, ndipo bukuli likadali lanu. Dzina lanu lili patsamba loyamba, ndipo aliyense wolembamo ndimayamba ndamuonetsa.

Dzulo ndinasuzumira masamba akutsogolo. Ndinadutsa pa 1 Meyi ndi pa 14 Meyi, n'kukafika pa 17. Tsiku limenelo chaka chilichonse munkatiwerengera kuti, "1994. Chisankho cha matipate." Simunatiwerengerepo zimene munalemba pansi pake ndi tizilembo ting'onoting'ono: "Ndinavota womaliza pamzere, chifukwa m'mawa ndinali kuchipatala. Sungeni wabadwa. Mwa ziwirizi, chachikulu ndi chachiwiri." Bambo, zaka makumi atatu osandiuza? Ndinalira, kenaka ndinaseka, kenaka ndinatenga pepala ili.

Pempho langa ndi limodzi. Pa 17 Meyi ndi Lachisanu. Bwerani mudzawerenge nokha tsambalo pamaso pa ana. Mukakwere basi yodzera ku Salima, ndidzakuchingamirani pasiteji. Komiti yagwirizana kale, ndipo a Mhone akuti akufuna kugwira dzanja la munthu amene anakumbukira tsiku lawo ali kutali choncho. Mudzavale jekete, chonde, musadzandichititse manyazi pakati pa Atonga. Mukadzafuna kubwerera nalo bukulo, ndidzalipereka ndi manja awiri, ngakhale sindikudziwa chimene ndidzawauze anawa Lolemba lake.

Akupereka moni a Mhone, a Watipaso, a Jones ndi akazi awo, aliyense payekha chifukwa sakugwirizanabe za mtsinje uja. Mundiperekere moni kwa onse kumudziko.

Moni waukulu upite kwa Amayi. Muwapepese m'malo mwanga, ndiponso m'malo mwanu. Musawafunse ngati ankadziwa. Ndingokukumbutsani kuti chikwama changa analongedza ndi iwo, ndipo nditafika kuno ndinapeza bukulo litakulungidwa m'chitenje chawo kuti lisanyowe. Mubwere nawo.

Pansi pa tizilembo tanu tija mpata ulipobe. Sindinalole munthu kulembapo.

Ndine mwana wanu wakuba uja,
Sungeni