Galimoto ya mawaya ya Yamikani

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chipoka tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe.

Lachiwiri kunabwera anthu ochokera kunyumba yosungirako zinthu zakale. Akusonkhanitsa zoseweretsa za ana: ng'ombe zadongo, zidole za zitsononkho, timabwato tosema. Ataona galimoto ya mawaya ija munapangira mwana wanu Yamikani musananyamuke, anaipempha. Akuti akaiika m'galasi, pansi pake n'kulembapo dzina lanu.

Ine ndinati afunse mwiniwake. Yamikani anangoti, "Ayi, adadi akabwera adzaifuna." Kenako anaiyendetsa pabwalo kuti alendowo aone kuti idakali pantchito.

Achimwene, mtima unandiwawa. Chiwongolero chija munachiyezera pachifuwa pake, lero chikumulekeza m'chiuno. Amachita kuwerama poyendetsa, koma salola munthu kuchitalikitsa, ngakhale alamu anu. Akuti imeneyo ndi ntchito yanu.

Nsapato munatumiza zija zinafika, tathokoza. Koma bwerani ndithu, ngakhale pa Khirisimasi pokha, mudzamuyezenso mwanayu asanasiye kusewera.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati