Zitsekerero za Mabotolo za Bambo a Morris

Zengeza 3, Chitungwiza
12 Novembala 1978

Okondedwa achimwene a Zebron,

Mundikhululukire zilembo zokhotakhota ndi mawu olakwika. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Kalatayi sindiponya ku positi, ndapatsira a Obadiah a kumpingo kwathu amene akubwerera kumudzi. Mukawerenga muiwotche.

Ife tili moyo, kaya inu ku Dedzako. Koma mtima wanga suli m'malo.

Alamu anu, bambo a Morris, akulonderabe pageti pa fakitale ya mawailesi m'tauni. Kumeneko kuli azungu ofufuza amene akupangira asilikali a boma makina. Akuti makinawo azithandiza akuluakulu a nkhondo kudziwa kotumiza ndege. Koma azunguwo amadziwa mawaya okha, kunkhondo sanapondeko. Atamva kuti mlonda wawo anali sajeni ku Burma, anawapempha kuti Lolemba lililonse aziwaphunzitsa mmene mtsogoleri amaganizira zipolopolo zikamalira.

Achimwene, munthu uja wasanduka mnyamata. Anafukula kathumba kake kakale ka zitsekerero za mabotolo. Amakaziyala patebulo la azungu, zofiira ndi asilikali ake, zoyera ndi adani. Akabwera kunyumba salola kuti ndiyambe ndaphika, nkhani basi.

Sabata yatha anati, "Mayi a Morris, lero andifunsa kuti, 'Sajeni, gulu lanu akulithamangitsa, mmodzi wavulala, mulowera kuti?' Wina akuti kuphiri, wina kumtsinje. Ine ndati ayi, mumabwerera m'mbuyo n'kukagona pamene adani asaka kale, ndipo wovulala simumusiya. Alemba zonse, mpaka andithirira tiyi m'kapu yawo!"

Ndinati, "Nanga akalemba apita nazo kuti?"

Anaseka. "Inu ndi nkhawa zanu! Nkhuku ikatsokomola mumati tiitane abusa."

Tsopano ndikuuzeni chimene sindinawauze. Morris sali ku Bulawayo pantchito ya njanji monga ndinakulemberani. Chaka chatha anawolokera ku Mozambiki ndi anyamata a m'tchire, amene kuno amati vakomana. Anatsanzika ine ndekha. Bambo ake ndinawabisira chifukwa pakamwa pawo sipasunga kanthu akakhala pamowa ku bhawa ndi anzawo. Iwo amangodandaula kuti mwana wosalemba kalata ndi wamwano.

Lachinayi Mai Winnet oyandikana nafe anandikokera kuseri kwa mpanda. Mlongo wawo wachokera ku Mtoko. Anati, "Mai Morris, mwana wenyu aonekwa." Akuti mlongo wawoyo anamuona Morris ndi maso, wabwerera kuchokera ku Mozambiki, ndipo ndiye akutsogolera gulu. Anandichenjezanso kuti pamzere wa basi anthu ayamba kunong'ona kuti bambo a Morris ndi mutengesi, wogulitsa anzake.

Zonong'onazo zikundiopsa, koma chondisowetsa mtendere ndi china. Mukukumbuka tili pafamu ku Mazowe, mmene bambo ndi mwana ankakhalira pansi pa mtengo wa mango ndi zitsekerero zomwezi? Morris nkhondo anaiphunzira pamenepo. Bwerera m'mbuyo, gona pamene asaka kale, wovulala usamusiye. Ndinkawamva ndikuchapa. Mwanayo akadzapanikizidwa adzachita zimene bambo ake anamuphunzitsa, ndipo zimenezo tsopano zili m'manja mwa otumiza ndege.

Ndikawauza, asiya kuphunzitsa, ndipo azungu afunsa chifukwa chake. Iwo bodza salitha. Ndikapanda kuwauza, Lolemba lililonse azikalozera pamene mwana wawo wagona.

M'kathumba muja munali chitsekerero chimodzi chophwanthidwa, chobowola pakati, chimene ankachitcha sajeni. Morris anachimanga pachingwe n'kuvala m'khosi tsiku lochoka. Bambo ake akhala akuika batani m'malo mwake osanena kanthu. Lero titachoka kutchalitchi anakhala pakhonde akutembenuza batani lija, kenaka anati, "Mayi a Morris, munthu wokagwira ntchito ya njanji amatengeranji sajeni wanga?"

Ine ndinati mvula ikubwera, ndikaanule zovala. Kunja kunali dzuwa.

Achimwene, funsani kwa amalume ngati kamunda ka amayi kadakalipo, mwina tidzakafuna. Mupereke moni kwa alamu a Tabitha ndi ana onse. Bambo a Morris akupereka moni. Wa Morris ndikupereka ndine, ndipo pomupempherera muzitchula dzina lake motsitsa.

Yankho lanu silingafike msanga, ndikudziwa. Mawa ndi Lolemba. Jekete ndasita, kathumba aika kale m'thumba mwake, ndipo sindinawauzebe.

Ndine mlongo wanu,
Fainess