Chiliza pa Manda a Mlendo

Wokondedwa mng'ono wanga Yotamu,

Landira moni wochokera kuno ku Luwinga. Tonse tili bwino, kupatula amayi amene miyendo ikuwavutabe.

Pofufuza mbiri ya agogo athu, amene anali m'gulu loyamba kugwetsa nkhalango ya Mzuzu, ndinakapeza a NyaMhone a ku Chibavi, nkhalamba yomwe inalipo pamaliro awo. Titafika kumanda, anayang'ana chiliza tinamanga chija napukusa mutu. "Mwana wane, apa pagona munthu wa ku Karonga. Agogo ako tinawaika uko." Kumene analozako kunadutsa msewu.

Amayi amakasesabe pachilizapo mwezi uliwonse, akutchula dzina la bambo awo. Chibadwire sindinawanamizepo. Undiyankhe msanga: ndiwauze, kapena ndiyambe bodza ndili ndi imvi?

Mulungu akusunge.

Ndine mkulu wako,
Hezekiya