Kawaya ka Tayi ndi Pulogalamu Yanga

14 Malichi

Okondedwa achemwali,

Tandiuzani, analamula ndani kuti munthu wa digiri imodzi asaime kutsogolo kwa ophunzira a pa yunivesite? Kuno aliyense amangovomera ngati ndi lemba. Ine ntchito yanga akuti ndi kuyatsa makompyuta ndi kufufuta bolodi.

Mukukumbukira pulogalamu ndinkakuuzani ija, yoonetsa pa kompyuta momwe chitsulo chimapindikira mpaka kuthyoka? Ukachikoka kapena kuchitenthetsa, umaona timaatomu take tikusuntha ngati nyerere. Makina athu oyesera zitsulo anafa kalekale, ndiye ndinakonza ndekha maphunziro onse kuti ophunzira aziona ndi maso m'malo moloweza. Akulu a dipatimenti anayamikira, kenako n'kupereka zonse kwa mnyamata wobwera kumene ndi digiri yachiwiri. Timamutcha Tayi, poti kunja kutenthe bwanji, tayi savula.

Lolemba ndinakhala kumbuyo kwa kalasi yake, mumtima ndikupempha kuti asokoneze. Achemwali, sanasokoneze. Anagawira aliyense kawaya n'kunena kuti, "Pindani uku ndi uku mpaka kathyoke. Gwirani pothyokapo. Patentha eti? Tsopano tiyeni tione zimene zachitika m'katimo." Apo n'kuyatsa pulogalamu yanga. Kalasi yonse inangoti kukamwa yasa! Mtsikana wina anafuula, "Aphunzitsi, mwatilodza!" Za kawayazo ine sindinaziganizepo, ndipo n'zimene zikundiwawa kwambiri.

Potuluka anandiimitsa pakhomo: "Asisi, mawa mulawire, mausi ya kompyuta yapakona ikuvuta." Ndinamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Koma phunziro limodzi ndinabisa, sindinapereke kwa akulu a dipatimenti, la ming'alu ya pa zitsulo zowotcherera, lokoma kuposa onse. Akulu aja anandichenjeza kale kuti ndikadzaphunzitsa popanda chilolezo, kontrakiti yanga sadzaiwonjezera. Musandilembere za kuleza mtima, chonde, makutu anga adzaza nazo. Dzulo ndinatenga kiyi wa chipinda cha makompyuta, ndipo ndamata chidziwitso pachitseko: Loweruka m'mawa kuli phunziro, mphunzitsi ndine.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi musawauze zambiri. Asiyeni apitirize kuuza anzawo kuti mwana wawo akuphunzitsa pa yunivesite. Pofika Loweruka silikhalanso bodza. Koma kachipinda kanu ka alendo kaja musayambe mwaikamo katundu.

Ine mng'ono wanu wosamva uja.