Yatsala Yokhayi

Chilobwe, Blantyre
23 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali a Patricia,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu a Clifton. Kuno tili bwino, kungoti dzuwa la Okutobala likuwotcha ngati tinalilakwira. Amayi miyendo yasiya kutupa, moti Lamulungu anayenda okha mpaka kutchalitchi.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Pa foni mumandidula mawu, achemwali. Ndikangoti bizinesi, inu mwayamba kale kundiuza tsiku lomwe basi imanyamuka. Ndiye ndati ndilembe, muwerenge mpaka kumapeto, kenako mundikalipire bwinobwino.

Suti yakuda munatumiza ija inafika, ndipo ndathokoza kwambiri. Munati ndiivale pokakumana ndi mayi Sabiha, eni sitolo yaikulu ya zakudya ija ya ku Limbe, amene ndakhala ndikuwapempha kuti aike tsabola wanga wa kambuzi pa mashelefu awo. Munanenanso kuti akandikana ndisiye kutsokomoletsa amayi ndi utsi wa tsabola, ndikwere basi ndidzagwire ntchito pa saluni ya mnzanu. Ndinavomera ndi pakamwa panga, ndipo sindinaiwale.

Koma sutiyo sindinaivale. Inandikwana bwino, vuto si limenelo. Nditadziyang'ana pagalasi ndinaona mtsikana yemwe uja wa chaka chatha, wozungulira m'maofesi a m'tauni ndi envelopu ya digiri m'khwapa, akumwetulira alonda a pageti kuti amulowetse. Zakuda ndavala zokwanira, ndipo zonse zinali zopemphera ntchito.

Ndakhala ndikuwayang'anitsitsa amayi amene akuyendetsa mabizinesi awo mumzinda muno. Palibe amavala ngati wopempha. A Martha a saluni ya ku Chichiri amakwera minibasi atavala patapata, nsapato zazitali zili m'chikwama, n'kukazivalira pakhomo penipeni pa saluni, ndipo akangozivala ngakhale mawu awo amasintha. Mayi Sabiha amavala panjabi yonyezimira, chovala chachimwenye chija, koma kumapazi matenesi oyera, chifukwa tsiku lonse amathamanga pakati pa kauntala ndi kosungira katundu. Anthu amenewa ukawaona patali umadziwa kuti akubwerawo ndi auje. Inenso ndinafuna zomwezo, kuti munthu akandiona azikumbukira tsabola wanga.

Ndiye ndinalowa m'masitolo a nsalu ku Limbe, n'kupeza chitenje chabuluu chokhala ndi timadontho taolenji, ndendende kambuzi wakupsa. Wogulitsayo anati, "Mwachita mwayi asisi, yatsala yokhayi." Ine kumva choncho mtima unangoti myaa, ndinati basi, Blantyre yense ndidzavala ndekha. Sindinafunse kuti nanga yambiriyo yapita kuti.

A Morris, telala wa pakhonde uja, anandisokera jekete ndi thalauza. Amayi atandiona anagwira pakamwa. "Chitenje kuchisandutsa thalauza? Nthawi yathu sukanafika n'komwe pa siteji." Koma ndinawapeza akusisita kolala ndi chala, kuona kasokedwe.

Mayi Sabiha anandiuza kuti ndipite Loweruka m'mawa. Ndinanyamula chikwama cha mabotolo, ndinafika m'tauni, ndinakwera minibasi ya ku Limbe. Nditangokhala, analowa mayi wina wonenepa atavala diresi la nsalu yanga yomweyo. Ndinayang'ana kumbali. Kenako analowa ena awiri, wina siketi ndi bulauzi, wina atangoimanga m'chiuno. Kondakitala anasuzumira n'kunena kuti, "A ukwati khalani mbali imodzi, musandisokoneze mutu."

Mayi wonenepayo anandigwira bondo. "Mwanawe, ndiwe wa kuchimuna kapena wa kuchikazi?"

Apo m'pamene ndinamvetsa. Nsaluyo inatsala yokha chifukwa banja lina linagula yonse kuti ikhale nsalu ya ukwati wawo, ndipo ukwatiwo unali tsiku lomwelo. Achemwali, ndikanakhala ndi mapiko ndikanatulukira pawindo. Ndinangoti, "Ndine wa ku Chilobwe," iwo n'kuvomera kuti inde, akuchikazi ambiri ndi a konko.

Musitolo ndinapeza mayi Sabiha ali pa kauntala, foni ili pakhutu. Sanandiyang'ane kumaso, anangoona nsalu. "Mafuta anu ophikira a ukwati ali pakhomo apo, tengani."

"Sindine wa ukwati, mayi. Ndine Linda, wa tsabola uja. Munati ndibwere lero."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka pang'ono. Ndinatulutsa botolo, ndinayamba kulankhula zonse ndinakonza zija, za alimi amene ndimagulako kambuzi, za masiku amene tsabolayo amakhala osawonongeka. Sanandilole kumaliza. Analoza shelefu yodzaza ndi tsabola wochokera kunja. "Onani, mwana wanga. Anthu amagula chimene akuchidziwa. Wanuyu palibe anabwerapo kudzamufunsa. Ndichotse chiyani kuti ndiike inu?"

M'maganizo ndinaona basi ya ku Joni itaima patsogolo panga, chitseko chili chotsegula.

Nthawi yomweyo analowa mayi wina wamtali, atamanga duku la nsalu yomweyo, lalitali moti linatsala pang'ono kugunda chitseko, epuloni yoyera pamwamba pa diresi, makiyi agalimoto m'manja. Amenewo ndi mayi Alima, amene amaphika m'maukwati akuluakulu, ndipo mafuta aja anali awo. Atandiona anaima.

"Iwe mtsikana, anzako akulira ndi anyezi kuholo, iwe ukucheza muno? Ndipo anakuuza ndani kuti nsalu ya ukwati amasoka thalauza? Nyamula chigubucho."

Mukundidziwa, achemwali, sindichedwa kupsa mtima. Pakamwa panali patadzaza kale mawu. Koma ndinayang'ana shelefu ija, ndinayang'ana duku lija, ndipo ndinaganiza za holo yodzaza anthu amene akadye mpunga ndi nkhuku masana omwewo. Ndinabweza botolo m'chikwama, ndinatsanzika mayi Sabiha mwaulemu, ndinanyamula chigubu.

Tili m'galimoto ndinawauza mayi Alima zoona zake, kuti mkwati sindimudziwa, mkwatibwi sindimudziwa, nsaluyo ndinangogula. Anaseka mpaka anaimika galimoto pambali pa msewu.

"Ndiye ukufuna chiyani kwa ine?"

"Ndiike tsabola wanga pa matebulo."

Anatsegula botolo limodzi, anathira kadontho pachala, n'kulawa. Kenako anati, "Nsalu wavala, ndiye ndiwe wathu mpaka madzulo. Koma anyezi usenda. Ndipo wina akatsegula m'mimba, ine sindikudziwa."

Ndinasenda anyezi, achemwali, nditavula jekete n'kuipachika pamtengo wa mango kuseri kwa holo. Ndinatsuka mbale. Nthawi ya chakudya itakwana ndinavalanso jekete yanga, ndinapukuta nkhope, ndinayamba kuyenda tebulo ndi tebulo ndi mabotolo. Palibe anandifunsa kuti ndine yani. Akuchimuna ankayesa ndine wa kuchikazi, akuchikazi ankayesa ndine wa kuchimuna. M'holo monse munali madiresi ndi masiketi a nsalu imeneyo, koma wa thalauza ndinali ndekha, ndipo posachedwa anthu anayamba kukodola, "Asisi a thalauza, tabweretsani kuno kambuziyo." Bambo wina wa tayi anatuluka thukuta mpaka anavula jekete, koma anapempha ndimuwonjezere. Atsikana awiri ananditsatira mpaka kukhitchini kudzafunsa telala wanga.

Tsopano pali chimene ndinachita chomwe mwina simuchikonda. Aliyense wofunsa kuti tsabolayu amapezeka kuti, ndinkamuyankha kuti, "Kwa mayi Sabiha, ku Limbe." Wotsogolera mwambo atalawa anandiitana, ndipo pa nthawi ya perekaniperekani analengeza pa chimkuzamawu kuti amene akufuna moto wa asisi a thalauza akaupeze kwa mayi Sabiha. Ndinavina nawo pang'ono, ndinaponya kandalama kanga m'lichero ngati wachibale, ndinafunira zabwino anthu awiri amene mayina awo ndinawawerenga pa keke.

Lamulungu ndi Lolemba ndinakhala ndi mantha, sindinama. Ndinkadziwa kuti ndagwiritsa ntchito dzina la munthu wamkulu popanda chilolezo chake. Dzulo masana foni inalira.

"Linda? Ndi inu mwauza anthu kuti ine ndimagulitsa chinthu chimene ndilibe?"

"Ndine, mayi. Pepani."

"Pepani wanuyo ndimuike pa shelefu? Kuyambira dzulo anthu akundivuta. Wina wabwera kuchokera ku Namiwawa, akuti mwamuna wake sakudya. Anyamata anga akuyesa ndabisa katundu."

Ndisanayankhe, anapitiriza.

"Mawa m'mawa mubwere ndi makatoni awiri. Ndikupatsani shelefu ya pafupi ndi mpunga mpaka Khrisimasi, tione. Loweruka lililonse muziima pamenepo nokha, anthu azilawa. Ndipo muvale thalauza lija, chifukwa dzina lanu palibe akulidziwa, onse akungoti asisi a thalauza." Asanadule anawonjezera kuti, "Mukadzachitanso zimenezi osandiuza, mabotolo anu mudzawapeza panja."

Lero m'mawa ndakasiya makatoniwo. Ndawandandalika ndekha mabotolo, zolemba zonse zikuyang'ana kutsogolo, kenako ndinapita kukaima pakhomo ngati kasitomala kuti ndione mmene akuonekera munthu akamalowa. Akuoneka, achemwali. Mayi Sabiha anadutsa ndi matenesi awo, anawongola botolo limodzi lomwe linali lowongoka kale. Mayi Alima nawo aimba, akufuna tsabola wa ukwati wa mwezi wamawa, ndipo akuti ulendo uno anyezi andikhululukira.

Ndiye tikiti ya basi musagule. Ndikudziwa shelefu imodzi si fakitale, ndipo Khrisimasi ikhoza kufika zinthu zitavuta. Koma sindinakanidwe, ndipo pangano lathu linali limenelo. Ndikupemphani chinthu chimodzi: mukandifunsire kumeneko kumene amagulitsa zotsekera mabotolo zolimba, chifukwa za kuno zina zimadontha. Mundijambulire, ndione.

Pomaliza, achemwali, ndinene chimene pa foni sitinena. Ndikudziwa kuti simumandiitanira saluni yokha. Amayi anandiuza kuti alamu amachoka m'mamawa n'kubwera mochedwa, ndipo inu mumatha tsiku lonse osalankhula Chichewa ndi munthu. Chipinda chija munati mwandikonzera, ndi makatani atsopano, ndachiganizira kwambiri sabata ino, kuposa mmene mungaganizire. Musachipereke kwa wina. Ndidzabwera kudzagonamo ngati mlendo wanu, ndidzakhala masiku angapo, tidzacheza mpaka mudzatope nane.

Amayi akupereka moni, akuti muzidya. A Morris akuti muwatumizire muyezo wanu. Mundiperekere moni kwa alamu a Clifton, ndipo Lamulungu likubwerali mukatuluka m'tchalitchi mundiimbire. Ndidzakhala chete, mulankhule inuyo.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Linda